Kuwonda kwa Amake Chisankho

Ku Biwi ena amadzutsidwa ndi tambala, ena ndi kuitana kwa kumzikiti, koma oyandikana ndi bwalo la mpira amadzutsidwa ndi sipika ya Kettie Kalumbu. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, kunja kusanayere, Kettie amakhala ataima kale kutsogolo kwa amayi makumi anayi, wezulo ili pakamwa, akuwalumphitsa. Ena amamanga chitenje pamwamba pa thalauzi poopa maso a anthu. Ikamakwana 6 koloko wathamangira kunyumba kukasambitsa mwana wake Chisankho, ndipo pofika 8 ali pakauntala m'sitolo ya zitsulo ku Malangalanga.

Anayamba zaka ziwiri zapitazo, adokotala atamuchenjeza kuti BP idzamugwetsa pamsewu. Thupi linatsika ndithu, madiresi onse anakachepetsa kwa telala, mwiniwake n'kumanyadira. Koma chithunzi chake cha paukwati wina chinafika pafoni kumudzi kwa mwamuna wake Herbert, ku Mitundu. Lachiwiri lina poweruka anapeza apongozi ake, aNambewe, ali pakhonde ndi thumba la mtedza. Iwo anali atamuuza kale Herbert kuti zolumphalumphazo zithe.

Kettie zinamuwawa, komanso zinamudabwitsa. Mayiwa sanali olowerera za m'banja, nanga lero chawatuma n'chiyani? Pakudya ankamuyang'ana m'manja, ankamuyang'ana tsitsi, ndipo Kettie atangotsokomola kamodzi chifukwa cha tsabola, iwo anasiya kudya. Kukana mawu a apongozi n'kudziitanira ankhoswe, kuwamvera n'kutaya gulu limene analiyamba ndi anthu atatu okha. Herbert, monga achitira amuna akapanikizika pakati pa mayi ndi mkazi, anakumbukira kuti njinga yake ikufunika kukonza.

Kettie anagwada pambali pa apongozi akewo. "Amayi, mawa tipitire limodzi. Mukatiletse mutaona kaye."

M'mawa aNambewe anakhala panjerwa m'mbali mwa bwalo, atafunda zitenje ziwiri. Nyimbo inalira, fumbi linakwera, amayi anapinda mawondo ndi kuponya manja mpaka ena kugwira m'chiuno. Kettie ankawaba ndi diso apongozi ake, koma nkhope yawo sinkanena kanthu.

Atamaliza, aNambewe anamukodola. "Amake Chisankho, thukuta lonseli popanda khasu, mukolola chiyani?"

Amayi a m'gulu aja anafa nacho chiseko. Kettie anayamba kufotokoza za mtima ndi za magazi, koma iwo sanali pamenepo. Analoza golo la kutsidya kwa bwalo.

"Tathamangani mukagwire mtengo uwo, mubwereko."

Kettie anayang'ana wotchi, anayang'ana anzake, kenako analiyatsa liwiro. Atabwerako, aNambewe anaimirira, anamugwira padzanja, n'kuika khutu pafupi ndi chifuwa chake ngati akumvetsera nyumba ngati muli anthu. Anamvetsera nthawi yaitali, moti chiseko chonse chinatha.

"Herbert anali ndi mlongo wake, Veronica," anatero motsitsa mawu. "Simunamuone inu. Anayamba chonchi, mafupa a m'khosi kutuluka, madiresi kukula. Tikamufunsa ankati ali bwino. Ifenso tinkachita manyazi kufunsa kawiri. Pomaliza ngakhale pachitsime sankafika."

Kettie anachita manyazi chifukwa cha mkwiyo umene anagona nawo. Kumudzi kuja thupi likamatha chonchi anthu saganiza za masewera, ndipo mayiwa anali atasenza mantha amenewa okha kuchokera ku Mitundu.

"Sindikudwala, amayi. Mukafuna tipite limodzi kuchipatala."

"Ndamva ndekha. Wodwala sapuma chonchi." ANambewe anatenga nsonga ya chitenje chawo n'kumupukuta thukuta pamphumi. "Zilumphani, mwanangu. Koma tsiku limene mudzamve kanthu m'thupi, mudzandiuze ine poyamba. Sindingathe kuika awiri m'manda."