Kansungwi ka apongozi anga

Nditabwerako ku usilikali, nkhondo ya azungu itangotha, ndinali munthu wovuta. Ndivomere. Ndinachoka kwathu ku Phalula kukakhala chikamwini ku Chikweo, ndipo ndinalowa m'mudzi wa eni ake nditavala jombo, botolo lachitsulo m'chiuno, machesi m'thumba, ngati kuti anthu a kumeneko ankadikira ineyo kuti ndidzawaphunzitse kukhala.

Apongozi anga aamuna anali Msilamu, mlimi wa thonje, munthu wochepa thupi wosabwereza mawu. Chilimwe chikafika, udzu utauma, ndiwo ankatsogolera uzimba, ulenje wa anthu ambiri wosaka ndi maukonde ndi moto. Tsiku lonyamuka ndinaona katundu wawo ndipo ndinaseka. Kankhwangwa, chikopa cha mbuzi chothothoka ubweya, chipanda cha madzi, mpukutu wa luzi, ndi kansungwi kotalika ngati chikhatho kolendewera m'khosi. Chogula m'sitolo panalibe ngakhale chimodzi.

"Bambo, masiku atatu m'tchire ndi zimenezi basi?"

"Zikwana, akamwini," anatero, n'kuyamba kuyenda.

Zinakwanadi. Titafika kudambo, ine ndikulimbana ndi zingwe za jombo, mapazi ali matuza okhaokha, iwo anali atadula kale mitengo, kuimanga ndi luzi, msasa n'kuima. Madzi a m'botolo langa anatentha ngati tiyi, a m'chipanda chawo ali ozizira bwino. Pofuna moto anatsegula kansungwi kaja. Munali thonje lopsereza, kamwala koyera, ndi kachitsulo kothyoka ku mpeni wakale. Ndinawapatsa machesi anga monyadira. Anawayang'ana, n'kundibwezera.

Uzimba unali ndi lamulo lake, ndipo anandiuza tisanagone. Moto woyamba amayatsa mwini uzimba yekha, atayesa mphepo. Wina akayatsa, ndi mlandu. Mkamwini akayatsa, sipakhalanso zokambirana, amamupindira mkeka wake azipita kwawo. Ine mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, koma mawuwo anangolowa khutu ili n'kutulukira linali.

Kutacha anzathu anakatchera maukonde kumunsi kwa dambo. Ine ndi apongozi tinapita kumtunda, m'kati mwa tsekera, udzu wautali woposa munthu. Anatapa fumbi, n'kuliwaza m'mwamba. Anapukusa mutu. Patapita nthawi anatapanso.

"Mphepo sinakhazikike. Tidikire."

Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mtima wanga unkatentha. Ndinazemba ngati ndikukadzithandiza, ndipo pomwepo ndinaona nyama ziwiri, mphoyo, zikulowa mu udzu cha kumunsi. Ndinati nkhalambayi itidyetsa masamba. Ndinakhwatcha machesi. Safunsa anadya phula, ine ndinadya moto.

Poyamba unathamanga kumene ndinkafuna. Kenaka ndinamva mphepo kumaso, osati kumsana. Moto unaima, n'kutembenuka, n'kutambasuka dambo lonse. Sindinaonepo chinthu chotero, ngakhale kunkhondo. Malawi ankadumpha pamwamba pa tsekera, udzu ukuphulika thithithi, akamtema akuzungulira m'mwamba kusaka ziwala zothawa. Ndinaliyatsa liwiro. Machesi anagwa, sindinawatole.

Apongozi anandigwira pamkono. Dzanja laling'ono lija linali ngati msampha.

"Moto wa tsekera suthawika. Imani."

Anagwada, moto uli kumsana kwawo, n'kutsegula kansungwi. Ndinawamva akuti "Bisimila," kachitsulo n'kugunda pamwala. Kamodzi, kawiri. Thonje linafiira. Analiika m'kamtolo ka udzu, n'kuuzira pang'onopang'ono ngati akuziziritsira mwana phala, kenaka anayatsa udzu wa kutsogolo kwathu, kumene ine ndinkafuna kuthawira.

Ndinati apenga. Moto kumbuyo, moto kutsogolo! Koma mphepo yomwe inkatibweretsera imfa ija inanyamula moto wawo n'kupita nawo kutali, kusiya bwalo lakuda lopanda chopsa. Anandikokera m'phulusa lotentha, ine m'jombo, iwo opanda kanthu kuphazi. Pakati pa bwalolo anakhuthulira madzi onse a m'chipanda pachikopa cha mbuzi, kundigonetsa chafufumimba, n'kundifunditsa chikopacho kumutu ndi kumsana. Iwo anagona pambali panga, mbali yochokera moto, ali ndi kansalu kawo kokha.

Moto unafika. Pansi pankanjenjemera. Mpweya unali wosapumika, ndipo ndinalira ngati mwana, kutchula mayi anga. Utafika m'mphepete mwa bwalo lathu unasowa chakudya, unagawika pakati, n'kutidutsa uku ndi uku. Nditadzutsa mutu, dambo lonse linali lakuda, utsi ukufuka m'zitsa, kuli zii. Ndinagwira chikopa chija, chofunda, chonunkha mbuzi, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka thupi limachita tsemwe.

Msana wa apongozi unali utasupuka, mapazi osapondeka. Ndinawabereka mpaka kumsasa. Anzathu anabwera atakwiya, nyama zonse zitathawira kwina, ukonde umodzi utapsa. Anafunsa kuti wayatsa ndani nthawi isanakwane. Ine ndinayang'ana phulusa la pa jombo zanga.

"Mphepo inanditembenukira," anatero apongozi. "Sindinaiyese bwino."

Anthu anayang'anizana. Wina ananong'ona kuti akalamba. Chaka chotsatira uzimba anaupereka kwa munthu wina, ndipo apongozi anga sanaponyenso phazi kudambo. Ankakhala pakhonde n'kumapota luzi, akumva agalu ndi malipenga a alenje akutsikira kumunsi. Ine ndinkadutsa ndi khasu langa, maso pansi. Ndinabereka ana asanu m'mudzi umenewo. Apongozi sanandikumbutse ngakhale ndi diso.

Atamwalira, abale awo a kumzikiti atamaliza zonse, mkazi wanga anandibweretsera kansungwi kaja. Anati bambo anasiya mawu kuti kakhale kanga. Ndinakatsegula, thonje lili louma bwinobwino, ndipo mtima sunapirire. Ndinamuuza zonse, kuyambira mphoyo zija mpaka machesi.

Anandimvetsera osandidula, akusenda chinangwa.

"Ndimadziwa, bambo a ana," anatero. "Mphepo inali isanawanamizepo bambo anga. Ndinawafunsa tsiku lomwe munabwerako ndikuwatsuka mabala. Anandiyankha kuti mdzukulu wawo asabadwe bambo wake atapindiridwa mkeka, ndipo ndisadzakufunseni."

Anapitiriza kusenda chinangwa chake. Ine ndinakhala pomwepo, kansungwi kali m'manja.