Mpango Wanga Pakhosi pa Msilikali

Basi ikamayandikira mzinda wa Hamilton, kuno kumayiko akunja, ndinkavula mpango wanga wakumutu n'kuubisa m'chikwama. Mwana wamkazi wa nkhalamba yomwe ndinkaisamalira ndiye anandipempha zimenezi tsiku loyamba.

"Musakhumudwe mayi," anatero. "Bambo akadziwa kuti ndinu Msilamu, sadzalola kuti muwakhudze."

Ndinakhumudwa, koma ntchito ndinkaifuna. Ine mwana wa ku Mangochi, amene ndinafunda mutu ndisanathe msinkhu, ndinkalowa m'nyumbamo mutu uli pamtunda, manyazi atandigwira ngati ndili maliseche.

Gogoyo anali wochokera ku Croatia, ndipo mphamvu zake zinathera m'fakitale ya zitsulo. Pakhoma panali chithunzi cha munthu wokwera kavalo, lupanga m'manja, kansalu kofiira pakhosi. Ndikamawasambitsa, nkhani inali yomweyo: makolo awo akale ankalondera malire a mfumu yachikatolika kuti Asilamu a ku Turkey asadutse. Kenako mfumuyo inawatuma ku Germany kukamenya Apulotesitanti.

"Ana akumeneko akangomva dzina lathu, kulira kunkatheratu," ankatero monyadira.

Ine ndikupukuta msana wawo, ndinkaganiza za amayi a anawo, midzi ikupsa, nkhokwe zitakokoledwa. Mtima unkawira, koma pakamwa ndinkangoti, "Kwezani mkono, gogo."

M'mawa uliwonse ankafuna ndiwamange kansalu kofiira ngati ka pachithunzipo. Ankati kwawo msilikali sankadzimanga yekha. Mkazi wake ndiye ankammanga pomutsanzika, kuti akabwerere wamoyo. Mkazi wawo anamwalira kale, choncho udindowo unagwera ine, mdani amene sankamudziwa.

Mutu utayamba kusokonekera, nkhondo ija inalowa m'nyumba. Galimoto yochotsa chipale chofewa ikamadutsa, ankati ndi akavalo. Madzi ankawakana, ati adani athira chiphe m'chitsime. Anaonda mpaka nthiti kuonekera.

Tsiku lina masana anasanza kwambiri, mpweya n'kuyamba kubanika. Kansalu kaja kanaipa, ndinakaponya m'makina ochapira n'kuitana ambulansi. Anthu a ambulansiyo atafika, gogo anakakamira chitsulo cha bedi, mphamvu sindikudziwa anazitenga kuti.

"Sindipita! Sanandimange kansalu! Ndikafera komweko!"

Milomo yawo inayamba kuda. Ndinathamanga nyumba yonse, koma nsalu yoyenera sinaoneke. Basi ndinatsegula chikwama. Mpango wanga unali wofiirira, womwe ndinaswalira nawo m'mamawa wa tsikulo. Ndinaupinda, n'kuwamanga mfundo imene anandiphunzitsa okha. Anasiya chitsulo chija. Anagwira dzanja langa, kulipsompsona, n'kunditchula dzina la mkazi wawo.

Sanabwerere. Mwana wawo anandiimbira foni maliro atatha.

"Kuchipatala bambo sankalola kuti aliyense awavule mpango uja," anatero. "Ndiye tawaika nawo. Unali wanu, eti?"

Ndinavomera. Anati andigulira wina. Ndinakana.

Azimayi anzanga kumzikiti amati nkhaniyi ndi yokoma. Ine sindiiona kukoma. Munthu uja anandipsompsona dzanja chifukwa sankadziwa kuti ndi la yani, ndipo akanadziwa akanalilavulira. Ndinamusambitsa, kumudyetsa, kumutsanzika ngati mkazi wake, koma anapita osandiona ngakhale tsiku limodzi.

Nditapeza ntchito ina kudera la North York, ndinatsika basi mpango uli kumutu, n'kugogoda pakhomo.