Mipando Isanu ndi Iwiri ya a Siponji

Dzina loti a Siponji sanapatsidwe ndi makolo. Linachokera ku ntchito, pakuti kuyambira ali mnyamata mpaka imvi kuti mbuu ankasoka mipando ya galimoto, ndipo tinyenyeswa ta siponji sitinkachoka m'tsitsi mwawo ngakhale asambe chotani. Shedi yawo inali kuseri kwa galaja ina, yamalata, chitseko chake cha mawaya. Mkati munali makina osokera opondera ndi phazi, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi fungo la guluu lija limakulowa m'mphuno n'kupita nawe kunyumba. Munthu akabweretsa mpando wong'ambika, a Siponji sankathamangira kunena mtengo. Ankayamba aukhalira, n'kudzigwedeza uku ndi uku, kenako amvekere mwini mpandowu amapendekera kumanzere. Nthawi zina ankalasa, nthawi zina ankaphonya, koma kuphonyako sankakuvomera.

Galimoto za eni anazikhalira zosawerengeka, yawoyawo analibe. Kunyumba kunali akazi awo ndi ana asanu, ndipo banja limeneli chiyambire silinakwereko galimoto imodzi onse pamodzi. Ulendo ukagwa ankandanda pasiteji ngati kwaya, kondakitala n'kuwayang'ana kuyambira wamtali mpaka wamfupi, n'kunena kuti malo atsala atatu basi. Mayi ankatsogola ndi ang'onoang'ono, bambo n'kutsatira m'minibasi ina ndi okulirapo, kofikako n'kumadikirana padzuwa, wina akulira ludzu, wina wasiya nsapato m'galimoto yapita ija. Mayiwo sanali munthu wodandaula, koma ichi chokha ankachibwereza.

"Abambo, tsiku lina ndidzakhaleko m'galimoto imodzi ndi ana anga onse, popanda wotsala pasiteji."

A Siponji ankati zidzatheka, ndipo sankanama dala. Ankasunga ndithu pang'onopang'ono, koma chaka chilichonse sukulu inkabwera n'kudya zosungazo, matenda n'kunyambita m'mbale.

Ana anakula. Wachisamba anakhala dalaivala wa lole, atatu apakati anabalalika kumaukwati ndi kumaganyu m'tawuni momwemo, mzime yekha, mtsikana wosoka zovala, ndiye anatsala pakhomo. Ndi nthawi imeneyo pamene miyendo ya mayi inayamba kutupa ndipo mpweya unayamba kuwachepera. Kukwera sitepe ya minibasi kunasanduka ntchito ya anthu awiri, wokoka ndi wokankha, uku dalaivala akuliza hutala. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi n'kuuza a Siponji pambali kuti mtima watopa, aziwasangalatsa. Tsono mayiwo anali ndi mkulu wawo mmodzi yekha wotsala, wokhala kutali ulendo wa tsiku lathunthu, amenenso maso anali atasiya kuona. Anali asanaonane zaka zambiri. Pempho lakale lija linabweranso, koma tsopano linali ndi kopita: akufuna akaone akulu awo, ndi ana onse, ulendo umodzi.

Ana anasonkha zimene akanatha, a Siponji anafukula zawo, ndipo zonse pamodzi zinangokwana galimoto yotopa kale m'manja mwa ena. Inafunika ya mipando isanu ndi iwiri, yapansi pokwerera, yosamwa mafuta ngati lole. Anapeza dobadoba wina wa magalasi akuda, wodziwa bwalo lililonse logulitsirapo galimoto zakale, nayamba kuyenda naye.

Dobadobayo anaona zakuda. Wogula aliyense amayamba ndi kutsegula boneti, kumenya matayala ndi phazi, kufunsa za injini. A Siponji ankangodutsa zonsezo n'kukalowa kumbuyo. Galimoto yoyamba inali yofiira, yonyezimira ngati yangotuluka kumene m'sitolo. Iwo anakwawira ku mzere wachitatu wa mipando, mawondo n'kukagunda chibwano, ndipo potuluka anachita kukokedwa mkono.

"Iyi ndi ya mipando isanu ndi malo a nkhuku ziwiri," anatero akudziwongola msana. "Ana anga ndi anthu akuluakulu, achimwene."

Ina inali ndi malo okwanira koma utsi wake unadetsa bwalo lonse. Ina inali yabwino kumbali zonse, mpando wake ukakhalira osafuna kudzukanso, koma atamva mtengo a Siponji anadzuka okha msangamsanga, n'kupukuta ndi chipewa pamene anakhalapo. Ina inali yaitali pokwerera, ndipo anaima pachitseko nthawi yaitali akuyeza sitepeyo ndi chikhatho, m'maganizo akuona phazi lotupa la akazi awo likulephera kufikapo.

"Madala, tandiuzani zoona," dobadoba anafunsa tsiku lina atatopa. "Mukugula galimoto kapena sofa?"

"Injini amaimva ndi makaniko, mwana wanga. Mpando amaumva ndi munthu."

Pomaliza anaipeza kuseri kwa bwalo lina, pansi pa mtengo, itakutidwa ndi masamba ouma. Inali yoyera kale, ya denga lalitali ndi chitseko chokoka, yapansi pokwerera moti ngakhale wodwala akanangoponda n'kulowa. Inkanyamula ana a sukulu ya mkaka. Wachisamba anabwera, anailiza, anagona pansi pake, anaiyendetsa mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera, ndipo anati injini ikadali ndi moyo, mabuleki ndi ongosintha. Chimene chinaigwetsa mtengo ndi mipando. Tiana tija tinali titaiboola ndi mapensulo, kuisenda, kuithira zakumwa ndi zina zosatchulika, mawaya ali pamtunda. Ogula ena ankangosuzumira n'kugwira mphuno. A Siponji anaseka mpaka misozi, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo chilema cha katundu chinali cha ntchito yawo yomwe.

Tsiku limene inafika pakhomo, mayi anatuluka atatsamira mzime, n'kuima pakhonde akupumira m'mwamba. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Bambo, tingoyala mabulangete pamipandopo," wachisamba anatero. "Loweruka lomwe lino tinyamuke. Onse ndawauza, apempha kale kuntchito."

A Siponji nkhope inagwa. "Mabulangete? Ine wosoka mipando, mayi anu akhale pawaya ulendo wa tsiku lonse? Alamu anga akadzapapasa ndi dzanja adzati chiyani?"

"Abambo," mayi anayankha chapansipansi, "ine ndinakhalapo pa thumba la anyezi m'minibasi, mwana kumbuyo wina pamiyendo. Waya andichita chiyani?"

"Lero lomwe linadetsa nthengu, amayi. Ndipatseni sabata imodzi."

Madzulo omwewo anatenga sipanala n'kumasula mipando yonse, kusiya wa dalaivala wokha, n'kuituta kupita nayo kushedi. Kunena zoona kunali kunyada. Koma kunyadako kunali kutalukana ndi chikondi moti ngakhale mwini wake sakanatha kupeza msoko wake. Moyo wawo wonse anasokera azibambo olemera ndi akazi awo mipando yofewa, pamene mkazi wawo ankakhala pathabwa. Tsopano ankafuna amupatse chinthu chimodzi chimene iwo ankachidziwa kuposa wina aliyense.

Sabata ija inabala ina. Nsalu yabuluu imene mayi anasankha inatha m'sitolo, ndipo a Siponji anakana yotuwa imene inalipo. Ndalama ya siponji yatsopano inayenera kuchokera ku ntchito za makasitomala, choncho masana ankasokera eni, yawo n'kumaigwira dzuwa litapendeka. Mpando wa mayi anausoka, anaukhalira, anaumasulanso chifukwa kumsana kunali kolimba, ndipo munthu wosowa mpweya amafunika kutsamira mokwera pang'ono. Loweruka lija linadutsa, ana n'kubwerera kuntchito zawo. Kutali kuja mkulu wa mayi ankaimba foni kufunsa, ndipo yankho linali lomwelo, kuti yatsala mipando. Galimoto inangoima pabwalo ili pululu mkati, ana a oyandikana nawo n'kumasuzumira pawindo.

Mayi sanakalipe ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti akamawachotsa tinyenyeswa m'tsitsi madzulo, amvekere, "Zengerezu analinda kwawukwawu, abambo." A Siponji ankaseka n'kuwonetsa zala zobooka ndi singano, ngati umboni woti sakugona. Sankaona, kapena sankafuna kuona, kuti dzanja lowachotsa tinyenyeswalo linkapepuka sabata ndi sabata.

Zinachitika Lamulungu lina masana, tsiku limene ana onse anabwera kudzaona mayi awo. A Siponji anali atazembera kushedi kuti amalize mzere wa kumbuyo, umene unali wotsala wokha, kuti mipando yonse akaibwezere m'galimoto tsiku limodzi. Foni inalira ali ndi ulusi pakamwa. Anali mzime, ndipo mawu ake anali osamveka bwino chifukwa cha kulira, koma anamva zoti amayi akulephera kupuma. Anathamanga osatseka ndi chitseko chomwe.

Anapeza ana atatulutsa kale matiresi a pabedi n'kuwayala m'galimoto muja, pansi penipeni. Anyamata awiri ananyamula mayi awo n'kuwagoneka, mitsamiro itaunjikidwa kumsana. Panalibe wofunsa kuti akwera ndani, atsala ndani. Wachisamba anagwira chiwongolero, enawo n'kulowa mmodzimmodzi, kunjuta m'mbali mwa matiresi pachitsulo chozizira, wina atagwira phazi la mayi, wina akuwakupiza ndi katoni. A Siponji anakwera pomaliza, anakoka chitseko, n'kugwada kumutu. Mabowo a mabawuti aja anamasula okha ankawalasa m'mawondo galimoto ikagunda bampu.

Anayenda kamtunda kukungomveka injini ndi mpweya wa mayi ukulira ngati chitseko chosowa mafuta. Kenako mayi anatsegula maso. Anayang'ana denga lalitali lija, anayang'ana nkhope zowazinga, anakweza khosi pang'ono kuti aone msana wa wachisamba kutsogolo. Pamilomo pawo panabwera kakumwetulira kotopa.

"Abambo."

"Ndili pano, amayi. Musayankhule, tatsala pang'ono kufika."

"Mwaona? Takwana tonse." Anapuma nthawi yaitali asanapitirize. "Tikanangopita chonchi kwa akulu anga."

Sanalankhule mokwiya. Akanakwiya zikanapepukako. Ananena ngati munthu amene wangozindikira njira yachidule n'kufuna kuuzako mnzake, ndipo dzanja lawo linafufuza la a Siponji n'kuligwira. Ana onse anayang'ana pansi. A Siponji anafuna kuyankha, kupepesa, kunena kuti watsala mzere umodzi wokha. Anangowerama n'kuika chipumi chawo pa dzanja lija, misozi ikuyenda, osasamala kuti ana akuona.

Kuchipatala anamwino anachita zimene akanatha. Mayi anagona masiku ochepa osayankhulanso zomveka, ndipo m'mawa wina, mzime akuwapukuta kumaso, anangosiya kupuma.

Uthenga wopita kwa mkulu wa malemu mayiwo, a Siponji anakana kuti atumize mwana. Anati ndi wawo. Anakhala pakhonde, galimoto ili patsogolo pawo, anthu ayamba kale kufika ndi kulowa m'nyumba mwakachetechete, ndipo mzime anawaimbira nambala n'kuwapatsa foni. Inaitana kangapo. Kenako kunamveka mawu a gogo uja, okondwa, okweza monga amachitira anthu osaona akamayankhula pafoni.

"Alamu, ndinu? Ndinadziwa kuti muimba lero! Mipando ija yatha eti? Ine kuno zofunda ndachapitsa kale, ndakonzetsa ndi chipinda chakuti mng'ono wanga asakwere masitepe. Mukunyamuka liti?"

A Siponji anagwira foniyo ndi manja onse awiri.

"Alamu? Mukundimva? Tam'patseni mwiniwakeyo ndimuuze ndekha kuti wandichedwera."