Moto wa m'botolo unadya diso la Nangondo

Mkazi wanga Nangondo amaona ndi diso limodzi, ndipo amene ndinamuonongera linalo ndine. Sindinamumenye ayi. Chinamuvulaza ndi chimwemwe changa, inu owerenga, n'chifukwa chake ndikufuna mumve nkhaniyi.

Zinachitika titangolowa m'matipate. Ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Masiku amenewo aliyense anali atamasuka pakamwa, ndipo tonse tinkaona ngati chilichonse n'chotheka. Tsiku lina ndinagula magazini yakale yachizungu pa msika ku Lilongwe. Munalembedwa kuti akatswiri ena akunja anaviika zitsulo ziwiri m'botolo la madzi n'kulumikiza magetsi, botololo n'kutentha kuposa mphamvu imene anaikamo. Ankati tinthu ting'onoting'ono ta m'madzimo tinkaphatikizana monga zimachitikira m'dzuwa, koma popanda malawi kapena utsi. Pansi pake panalembedwa kuti akatswiri anzawo ambiri akutsutsa. Ndime imeneyo ndinaidumpha.

Mtima wanga unauluka. Ndikayang'ana mapiri athu ali mbee, mitengo itathera ku zigafa za fodya ndi ku makala, ndinkati mankhwala ake ndawapeza. Nangondo sadzalawiranso kukasaka nkhuni kutsidya kwa dambo. Palafini tidzamuiwala. Ndikamapalasa njinga ndinkayankha ndekha mafunso a atolankhani a wailesi, mpaka anthu m'njira kumandicheukira.

Azunguwo anali ndi chitsulo chosowa ndi madzi apadera. Ine ndinali ndi sipoko ya njinga, makala a m'mabatire a wailesi, botolo la jamu ndi soda wa Nangondo wophikira therere. Batire la galimoto ndinkakatchajitsa pa Boma, n'kukankha njinga zitunda zonse zija ndikuimba nyimbo. Nangondo ankandiseka kuti ndakwatira mitala, mkazi wamng'ono ndi botolo, koma sodayo ankandipatsa ndithu.

Kulakwa kwanga kunayambira apa. Kwathu kuno munthu wodzitsekera m'chipinda ndi mabotolo amati akukhwima, ndipo ine ndinali mkulu wa mpingo. Choncho zenera la kachipinda kosungiramo chimanga ndinalitseka ndi ziguduli, m'katimo muli bii ngakhale masana. Panalinso mphunzitsi mnzanga wodziwa za mipweya kuposa ine, koma sindinamuuze kanthu poopa kuti angandilande mbiri. Paja amati safunsa anadya phula.

Loweruka lina masana thovu linayamba kuwira bwino m'botolo. Pofuna kuti kutentha kusathawe, ndinamanga pakamwa pake ndi mpira wa chubu n'kulikulunga m'bulangete. Nditakhudza patapita nthawi, linali lofunda. Ndinasuzumira choyezera kutentha chimene ndinabwereka ku sukulu, kamzere kake katakwera. Inu owerenga, sindinasangalalepo chotero chibadwire. Ndinatuluka ndikuvina ngati mwana, nkhuku zili balala, ndikukuwa.

“Nangondo, tabwerani mudzaone! Nkhuni zija mwatsanzikana nazo lero.”

Anasiya mtedza umene ankaswa n'kulowa akuseka. Anawerama pafupi ndi botolo, koma anati mumdimamo sakuona kanthu.

“Kodi abambo a Tadala, kamzere kakeko kali pati?”

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa machesi. Ine amene ndinkalemba pa bolodi chaka ndi chaka kuti magetsi akagawa madzi pamatuluka mpweya wosachedwa kuyaka, ndinakhwatcha machesi pakamwa pa botolo lodzaza mpweya womwewo. Linaphulika ngati mfuti. Ine ndinangochekeka dzanja. Nangondo anakhala pansi atagwira kumaso, magazi akudutsa m'zala zake.

Tinamutengera pa ngolo ku chipatala cha pa Boma, kumeneko anatitumiza ku Lilongwe. Madokotala anayesetsa, koma diso lakumanzere linali litapita. Tikubwerera, mbiri imene ndinkaithawa ija inali itafika kale m'midzi yonse, akuti aphunzitsi amafuna kukhwimira mkazi wawo. Ziguduli za pazenera zinasanduka umboni. Amalume ake anabwera kudzamutenga, koma iye anakana. Anawauza kuti mwamuna wake si mfiti, ndi chitsiru chabe, ndipo chitsiru sachisiya chokha. Mawu amenewo amandilasa mpaka lero.

Mphunzitsi mnzanga uja atamva zonse anangopukusa mutu. Anati kufunda kuja kunali kwa batire basi, ndipo ndikanangomuitana akanayamba watsegula zenera.

Inu owerenga, makamaka achinyamata okonda sayansi, sindikuti musiye kufufuza. Mitengo ikuthadi, ndipo moto wopanda utsi tikuufunadi. Mwina tsiku lina wina adzaupeza. Koma mukawerenga chinthu chokoma, werengani ndi ndime yotsutsa yomwe. Chimene mukuyesa muonetseni wodziwa, ngakhale akusekeni. Ndipo mtima ukadzaza chimwemwe, yambani mwakhala pansi musanaitane munthu amene mumamukonda kuti ayandikire.

Nangondo nkhuni akusakabe, koma tsopano timapita awiri. M'njira ndimayenda kumanzere kwake, kumene saonako, kuti ndizimuuza pamene pali chitsa.