Foni Yopanda Chingwe ya ku Joni

Ine ndine mphunzitsi, ndipo matenda a aphunzitsi ndimawadziwa chifukwa ndadwala nawo zaka zambiri: pakamwa pathu sipatuluka mawu oti "sindikudziwa." Mwana akatifunsa chimene chatipitirira timamuuza kuti akafufuze yekha, imeneyo ndi homuweki. Ndikulemba izi kuti ndinene zimene matendawa anachita kwa munthu amene sanandilakwire kanthu.

Boma litanditumiza ku Salima kuchokera kwathu ku Ntcheu, nyumba za pasukulu zinali zitatha, ndiye ine ndi akazi anga tinakakhala m'mudzi wa asodzi. Kuseri kwa mpanda wathu wa bango kunkakhala bambo ena achisilamu ndi akazi awo. Anali msodzi wopuma, wamtali, wolankhula mosathamanga. Ine ndine wamkamwa, mtima wanga uli pafupi. Akandimva ndikukalipira nkhuku zawo zitalowa m'dimba langa ankangosuzumira pampanda n'kunena kuti, "Aphunzitsi, dzuwali latentha kale, musawonjezere." Ndinkaseka mkwiyo usanathe.

Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, ku Joni. Mwanayo anachoka moipa. Anagulitsa injini ya boti la bambo ake mobisa kuti apeze poyambira ulendo, ndipo bambowo atazindikira ananena padoko, anthu akumva, kuti iwo alibe mwana. Zaka zinadutsa osalankhulana. Kenako bambowo anagwa sitiroko, mbali yakumanzere inafa, anangokhala a pabedi. Ndi pamene anayamba kunena kuti akufuna kulankhula ndi mwana wawo, ndi pakamwa pawo, abweze mawu aja asanapite.

Wina anganene kuti, nanga osangomuimbira bwanji? Nthawi imeneyo mafoni amakonowa anali asanafike, ndipo netiweki ya kwathu kuja inkasankha malo. M'nyumba mwawo, imene inali potsika, munalibiretu. Inkapezeka pa chulu cha kumsewu, ndi pa zenera la kuchipinda kwathu. Abale anati awanyamule pampando apite nawo pachulu. Anakana. Ife tinati abwere kwathu. Anakananso.

"Pachulu ayi, kuchipinda kwa eni ake ayi," anatero. "Ndikudziwa kuti ndilira. Ndilirire pabedi langa."

Uthenga utamufika mwanayo, anatumiza katoni kudzera kwa munthu wa pathiraki. Mayi aja anabwera nayo kwathu atasenza. Munali foni yopanda chingwe, kabokosi kake kokhazikapo, chingwe cholumikizira kabokosiko ku kompyuta, chimbale, ndi kapepala kopindapinda. Nzeru ya mwanayo inali yabwino ndithu. M'mudzimo ine ndekha ndinali ndi kompyuta ndi magetsi, ndipo intaneti ndinkaikoka ndi kachipangizo kobaya kaja, kamene ndinkakapachika pazenera. Ndiye kabokosi kakhale kwa ine, kolumikizidwa ku kompyuta, foniyo ipite kuseri kwa mpanda. Iye aziimba pa intaneti, kabokosi kaziponya mawu kudumpha mpanda mpaka pakhutu pa bambo ake.

"Kantchito kochepa aka, amayi," ndinatero. "Kawauzeni kuti mawa lomweli akhala akucheza ndi mwana wawo."

Kompyuta siizindikira yokha chinthu chachilendo. Pamafunika kapulogalamu koiuza kuti ichi n'chakuti, ndipo uzilankhula nacho motere. Kapulogalamuko timakatcha dalaivala, ndipo n'kamene kanali m'chimbale chija. Zimenezi ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 chaka ndi chaka, choko kumanja. Nditaweruka tsiku limenelo ndinatenga chingwe, ndinabaya. Kompyuta inalira kuti ti, n'kuthamangira kuika dalaivala wake wa m'mutu mwake. Inatenga kabokosi kaja ngati sipika wamba. Ndinalowetsa chimbale, chinazungulira, n'kundiuza kuti foni sichikuiona. Kanyali ka pa kabokosi kanangokhala kofiira, kuphethiraphethira.

Ndinazula, ndinabayanso. Ndinasintha pobayira. Ndinapukuta chimbale ndi malaya, ndinauzira mpweya, ndinatukwana amene anachipanga pamodzi ndi amalume awo. Kapepala kaja sindinakafunyulule n'komwe. Ndinakaponya m'katoni pachiyambi pomwe, mumtima ndikuti timapepala totere amalembera anthu osadziwa.

M'mawa mwake mayi aja anaima pampanda. "Aphunzitsi, akufunsa."

"Magetsi, amayi. Anathima ndili pakati."

Anathimadi, koma kanthawi kochepa. Tsiku lotsatira ndinati netiweki. Linalo ndinati chimbale chinakalika panjira, anthu a mathirakiwa sasamala katundu. Bodza lililonse linkatuluka mosavuta kuposa linzake, ndipo mayiwo ankangoti, "Inshallah, mawa," n'kubwerera.

Akazi anga sanyengeka. Ankandiona ndikutuluka thukuta pa kompyuta paja masana onse.

"Bambo, tangokwerani minibasi mupite nacho ku boma. Kuli anthu a makompyuta kumeneko."

"Ine? Ndikafunse a pafotokope? Ena a iwo ndinawaphunzitsa ndine kugwira mbewa ya kompyuta!"

"Chabwino, akatswiri. Koma safunsa anadya phula."

Ndinamenya tebulo, ndinawauza kuti ayang'ane za kukhitchini. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Iwo anangotola makapu n'kutuluka.

Kenako mayeso a pakati pa teremu anafika, mapepala ochonga anadzaza tebulo, ndipo ndinapeza pobisala. Ndinkati ndikamaliza kuchonga ndikhala pansi bwinobwino. Masiku amenewo mayi aja anasiya kubwera pampanda. Mulungu andikhululukire, ndinapuma. Ndinapita kamodzi kukawaona bambowo. Anali ataonda, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa. Ndinakhala pampando ndikudikira funso lija, bodza lili kale pa lilime. Anandifunsa za mayeso, za mvula ya ku Ntcheu, ngati mbatata ya kwathu ikadali yokoma. Za foni sanatchule. Ndinatuluka mopepuka ngati mwana amene aphunzitsi aiwala kumufunsa homuweki.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, patatha masabata awiri ndi masiku angapo chifikire katoni. Anzathu achisilamu sagoneka maliro. Uthenga unandipeza m'kalasi, ndipo pamene ndinkafika jeneza, chithatha chonyamulira maliro, inali ikutuluka kale kulowera ku mzikiti. Ndinatsatira pambuyo, choko chikadali m'zala. Mwana uja anamva bambo ake ali kale m'manda. Kumandako sindinayang'ane munthu kumaso. Palibe anandinena, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Mayiwo analowa eda. Ine mwambowu ndinaudziwira kumeneko: mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osayendayenda, ndipo mwamuna amene si mbale wake salowa kukacheza naye. Ndiye tsopano nawonso sakanatha kupita pachulu, ndipo ine sindikanatha kulowa kukapepesa, ngakhale ndikanakhala ndi mtima wotero. Akazi anga ndi amene ankalowa, kukawatungira madzi ndi kukhala nawo. Tsiku lina atabwerako anandiuza kuti malemuwo anasiya mawu a mwana wawo m'manja mwa mayiwo, ndipo mayiwo akukana kutuma munthu. Akuti anawalandira pakamwa, akawapereka pakamwa.

Kabokosi kaja ndinali nditakaphimba ndi nsalu ya patebulo kuti ndisamakaone.

Loweruka m'mawa akazi anga anatenga katoni ija kuti aikemo anapiye. Pokutumula, kapepala kanagwa. Anakafunyulula, anawerenga, n'kubwera kudzakaika pafupi ndi kapu yanga ya tiyi. Chala chawo chinangokhala pa mzere woyamba, wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Mzerewo unkachenjeza kuti munthu asabaye chingwe ku kompyuta asanaike dalaivala wa m'chimbale, ndipo ngati wabaya kale, achotse kaye dalaivala amene kompyuta yadziikira.

Ndinazula chingwe. Ndinafufuza dalaivala wolakwika uja, ndinamuchotsa. Ndinazimitsa kompyuta, ndinayatsanso. Ndinalowetsa chimbale chija, chimene ndinachinamizira kuti chinakalika, ndipo chinayenda bwinobwino mpaka kumapeto. Kompyuta yokha inandiuza kuti tsopano bayani. Ndinabaya. Kanyali kanaphethira kawiri n'kukhala kobiriwira, ndipo foni inalira m'manja mwanga. Tiyi anali asanazizire n'komwe.

Kalanga ine! Ndikanakonda chikanakanika. Ndikanakonda chikanafuna katswiri wa ku Lilongwe, kapena chikanakhala chakufa chichokere ku Joni. Ndinakhala pamenepo manja ali pamutu, ndinalira ngati si bambo wa pakhomo. Akazi anga anandisiya ndilire, kenako anati, "Mutumizireni uthenga mwanayo, mumuuze nthawi."

Anaimba Lamulungu titabwera ku tchalitchi. Akazi anga ananyamula foniyo ndi manja awiri, n'kuzungulira mpanda. Ine ndinatsala pa kompyuta kuyang'anira kuti zisaduke. Sindinamve kalikonse, ndipo sindinafune kumva. Ndinkangoona manambala a nthawi akuyenda, ndikupemphera kuti magetsi asathime. Sanathime. Analankhula kupitirira ola.

Akazi anga anabwerera maso ali psuu. Anati mayiwo anapereka mawu onse monga anawalandirira: kuti bambo ake anati ali naye mwana, mmodzi, ndipo ndi iyeyo, kuti za injini zinatha kalekale, kuti boti lili pagombe ndi lake. Kenako mwanayo anafunsa kuti, "Amayi, ananenadi okha, kapena mukungonditonthoza?" Mayiwo analumbira. Iye anafunsanso kachiwiri, kachitatu. Ndipo adzafunsa mpaka kukalamba kwake, chifukwa mawu a mayi ako, ngakhale alumbire, si mawu a bambo ako.

"Mayiwo akukuthokozaninso," anatero akazi anga. "Akuti aphunzitsi avutika nacho, Mulungu awadalitse."

Kuthokoza kumeneko sindinathe kukumeza. Kabokosi kaja kanali ndi batani loitanira foniyo, kuti wa pa kabokosi ndi wa pa foni azitha kulankhulana okha popanda intaneti. Ndinawapempha akazi anga abwerere nayo foniyo, akawafunse mayiwo ngati mwambo ukulola kuti andimve mawu ochepa. Analola. Ndinadina batani, ndinamva ikulira kuseri kwa mpanda.

"Amayi, ndine."

"Ndakumvani, aphunzitsi."

Ndinanena zonse, mosakometsa. Kuti magetsi sanalakwe, netiweki sinalakwe, chimbale chinali chabwino. Kuti chinandikanika tsiku loyamba lomwe chifukwa sindinawerenge kapepala, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Kuti ntchito yake inali ya kanthawi kochepa, ndipo bambo akanalankhula ndi mwana wawo masabata awiri athunthu. Ndinati sindikupempha kuti andikhululukire, ndikungofuna asamandithokoze.

Ndinkamva kupuma kwawo, ndi nkhuku zawo zikulira kumbali.

"Aphunzitsi," anatero, "zimenezo ankazidziwa."

Ndinati sindinamve bwino.

"Ankadziwa. Tsiku lija munati chimbale chakalika, anandiuza kuti chinthuchi chawakanika aphunzitsi. Ine ndinapsa mtima. Ndinati ndiye titume munthu ku boma akaitane wina wodziwa. Anakana. Anati mukaitana wina mudzi wonse umva, ana a sukulu amva, nanga munthuyu akaima bwanji kutsogolo kwa kalasi? Ndi iwo anandiletsa kubwera pampanda. Anati mpatseni mpata, apeza yekha, ndi munthu wanzeru."

Kenako anapitiriza.

"Ndinawauza kuti inu masiku anu ndi ochepa. Anati masiku ndi a Mulungu, koma ulemu wa mnansi uli m'manja mwathu. Ine sindinagwirizane nazo, aphunzitsi, ndipo mpaka pano sindikugwirizana nazo. Koma anali amuna anga, ndinamvera."

Tinakhala choncho, iwo uko ine kuno, aliyense akumva kupuma kwa mnzake.

"Zimitsani kumeneko," anatero. "Ine sindidziwa pozimitsira."