Jesinta ndi Nyumba ya Ngodya Zinayi

Jesinta anabadwira m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa Chiromo, ndipo anakulira m'nyumba yozungulira monga wina aliyense m'mudzimo. Anali mayi wochepa thupi, wodziwa kuumba mitsuko, wosabisa mawu. Mwamuna wake Hilario anali Msena wa ku Mutarara, amene kale ankasonkhezera moto m'sitima zapamadzi zopita ku Chinde. Ntchitoyo itatha anadzakhala pachikamwini, n'kumalima thonje ndi kusimba za ku Chinde kwa aliyense amene wakhala naye pafupi.

Chaka chimene inatha nkhondo ya azungu, madzi anasefukira n'kugwetsa nyumba yawo ya kudimba. Atsibweni a Jesinta anawapatsa malo kumphala, kumtunda kosafika madzi, ndipo anayamba akhala mumsasa. Jesinta sanade nkhawa. Nyumba ili ndi chovuta chanji? Kuzika nsichi, kumanga phaso, kufolera, kumata, basi.

Tsiku loyamba ntchito anapeza Hilario akulemba mizere pansi ndi ndodo.

"Make Agnesi, ife sitimanganso nyumba yonga nkhokwe," anatero. "Yathu ikhala ya ngodya zinayi, ngati za ku Chinde."

"Ngodyazo n'zogwirira ntchito yanji?"

"Mudzaona ikatha."

Mavuto anayambira pa mitengo. Sebastiano, mchimwene wake wa Jesinta, anadula tsanya wambiri, mtengo umene chiswe chimaulephera. Hilario anautembenuzatembenuza, n'kupukusa mutu. "Nkhabe, alamu, iyayi. Ngokhota uwu." Sebastiano anatola nkhwangwa yake n'kubwerera kumtsinje kukaona miono yake. Mapira anakololedwa, thonje linathyoledwa, Hilario akadali m'thengo kufunafuna mitengo yowongoka.

Nsichi zitaima, ntchito yomata inagwera Jesinta. Kumphala madzi anali kutali, ndipo padooko pamene ankatunga ng'ona inali itagwirapo mbuzi. Anasenza mitsuko mpaka khosi kuuma, anaponda dothi mpaka mapazi kung'aluka. Khoma linauma bwino, losalala, ndipo iye analiyang'ana mtima uli mbee. Mawa lake pochokera kudimba anapeza chibowo pakhomapo, choti mwana n'kudutsa osawerama.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine," anayankha Hilario, chikwanje chili m'manja. "Limeneli ndi zenera. Mphepo izilowera pamenepa."

"Mphepo, udzudzu, njoka, ndi maso a anthu odutsa! Bwanji simunanene ndisanamate?"

"Ndinali ndisanaganize."

Jesinta anatunganso madzi n'kumata m'mbali mwa chibowocho. Dothi lisanaume n'komwe, Hilario anakumbukira kuti mphepo ikalowa imafuna potulukira, choncho anaboola khoma la mbali inayo. Kenako anafuna khoma lapakati, kuti kogona kukhale kwina, kochezera kwina. Jesinta anamata zonsezo, koma tsiku lozira pansi, pamene anabwera ndi mafuwa ake, zinamukwana.

"Moto m'nyumba muno ayi," anatero Hilario. "Utsi udetsa makoma. Ku Chinde amaphikira kuseri."

"Abambo ake Agnesi, ndikufunseni. Ku Chinde kwanuko kulibe udzudzu? Popanda utsi tigona bwanji muno?"

"Tizolowera."

Kuseriko kunalibe kanthu, ndiye panafunika kanyumba kena kophikira, ndipo wokamata anali Jesinta yemweyo.

Nthawi imeneyi n'kuti dzuwa litafika poipa, lija lotentha mpaka nkhuku kuyasama pansi pa nkhokwe. Anthu onse amene nyumba zawo zinagwa limodzi ndi yawo anali atalowa kale m'zatsopano. Iwo okha ndiwo ankagonabe mumsasa, mitambo ikuyamba kusonkhana kumapiri. Jesinta anapita yekha kukachonderera Sebastiano kuti adzathandize denga. Sebastiano anabwera, anayang'ana phaso, n'kunena kuti, "Alamu, dengali lagona kwambiri. Udzu si malata, madzi sathamangapo." Hilario anayankha kuti iye madenga anawaona ndi maso ake, ndipo anafolera momwemo.

Mvula yoyamba inagwa masana, atangolowamo kumene. Inayamba kudontha pakati, kenako m'ngodya zonse zinayi. Mapira ananyowa, pansi pamene Jesinta anazira mosamala panasanduka matope. Iye sanakalipe. Anapinda mphasa, anabereka mwana wake Agnesi, n'kuima pakhomo.

"Ine ndapita kwa achemwali. Mukamaliza kumanga Chinde wanuyu mudzandiitane."

Hilario anapirira yekha m'matopemo masiku angapo, kenako ananyamula chipanda cha mowa wa uchema n'kupita kwa Sebastiano. Awiriwo anasasula denga, anakweza mtanda wapamwamba, n'kufoleranso ndi udzu wopemphapempha kwa anansi. Popita kukatenga mkazi wake Hilario sanavomere kulakwa. Anati vuto linali udzu wa kuno, ngwaufupi.

Chilimwe chotsatira nyumba ija inaonetsa ubwino wake. Mphepo inkaloweradi pazenera ili n'kutulukira pa linalo, ndipo pakhonde lake lotambalala pankazizira bwino pamene m'nyumba za ena munali ngati mumphika. Jesinta anazindikira zimenezi, koma sanamuuze mwamuna wake, poopa kuti angaganizenso china. Ndiponso ubwinowo unadza ndi zake. Amuna a m'mudzimo anasandutsa khondelo bwalo lawo. Ankafika m'mawa ndi ukonde woti asoke, ena ndi fodya, n'kuchoka dzuwa litapendeka, kusiya zinyalala ndi malovu zoti iye asese.

Tsiku lina Esinala, mnansi wake, nkhope ili gwaa, anamupeza kudooko.

"Inu make Agnesi, mwatiputira mavuto. Amuna anga akuti nawonso akufuna ya ngodya. Womata ndine!"

"Ndiye mukundiuza ine? Pitani mukauze mwini ngodyazo," anayankha Jesinta. "Koma muwafunsiretu mazenera angati musanaponde dothi."

Kuyambira pamenepo Hilario ankaitanidwa m'midzi ina, mpaka cha ku Ngabu, kukalembera anthu mizere ya nyumba. Ankachoka mokondwa, ndodo ili paphewa, kusiya nyumba yake yopanda chitseko. Cha bango anachikana, amati chinyozetsa nyumba. Ankati pakhomo pamenepo pakuyenera cha matabwa, ndipo mnzake wina wa ku Chiromo amupezera. Jesinta anadikira mpaka tsiku limene anapeza mbuzi za Esinala zitagona pamphasa pake, zina zikudya ufa m'lichero. Anapita kumtsinje, anadula bango, analuka chitseko yekha n'kuchimangirira ndi mlaza.

Hilario pobwera anaima patali n'kugwira pakamwa.

"Chimenechi n'chongoyembekezera," anatero pomaliza. "Matabwa akubwera."

"Akabwera mudzachotse nokha," anayankha Jesinta.

Agnesi anakula, anakwatiwa, ana ake anaphunzira kuyenda akugwira chitseko cha bango. Chikatha, Jesinta ankaluka china. Hilario anakalamba akuuzabe alendo kuti asachione chimenecho, matabwa ali m'njira.