Tsiku limene anandikumbitsa manda a amayi anga

Zimene ndikuuzenizi si nkhani ya pabawo kapena yotola m'minibasi ayi, zinandichitikira ine mwini, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa amuna aakuluakulu a m'mudzi mwathu kufupi ndi Mitundu, ndipo ambiri mwa iwo akadali moyo, akudya n'kumanenepa. Sinditchula dzina la munthu, osati poti ndinawakhululukira, koma poti alongo anga akadali komweko ndipo amatunga pamjigo umodzi ndi akazi awo. Eni ake akamva adzizindikira okha.

Ine ntchito yanga inali ya mbuzi. Ndinkagula pamsika wa Mitundu, n'kuzimanga panjinga, n'kukagulitsa kwa opha nyama pa Nathenje, ndipo thupi ndinali nalo, munthu woti ngolo ikatitimira m'matope anthu ankathamangira ine. Ndiye chaka china ndinayamba kumva zachilendo, ndikamakankha njinga pachitunda pachifuwa pankathina ngati wina wandimanga lamba, ndikaima pang'ono n'kusiya. Bambo wina wachisilamu amene ankandigula mbuzi anandipeza tsiku lina nditatsamira khoma la butchala yake, thukuta lili kamukamu, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti mkulu wake ankatero asanagwe, ndisachedwe. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito m'tauni atamva sanafune zokambirana, ananditengera kuchipatala china ku Lilongwe komwe anandigoneka m'chimakina chozungulira chojambula m'kati mwa thupi.

Adokotala anandifotokozera bwinobwino, ndipo pamenepa ndilibe nawo mlandu. Anati m'mitsempha yodyetsa mtima wanga munamatirira mafuta kwa zaka zambiri, ndipo mafutawo anauma n'kugwira zinthu ngati laimu zimene iwo amati kashiamu, monga zoyera zija zimakakamira m'ketulo. Anati amayeza ndi nambala, munthu wa mitsempha yoyera amakhala pa ziro, koma yanga inali kutali, m'gulu limene iwo amaliopa. Ndinafunsa ngati sangazipale, iwo anati zimenezo sizichoka, chotheka n'kuchepetsa liwiro lake ndi kuteteza kuti mtsempha usatsekeke. Choncho mapiritsi tsiku lililonse, mchere pang'ono, fodya ndi zapachiwaya ndisiye, ndiziyenda wapansi modekha m'mawa uliwonse, koma poti pachifuwa panali patayamba kale kuthina, ntchito yakalavulagaga ngati kumenya piki kapena kusenza matumba ndisayerekeze.

Zonsezi ndinazitsatira, ngakhale zinali zowawa. Mukudziwa inu kudutsa pachiwaya cha nkhumba pa Mitundu utayang'ana kumbali ngati pali apongozi? Mbuzi ndinasiya kukweza panjinga, ndiwo mayi a kunyumba ankandipatulira asanathire mchere, ndipo kakangondilasa kanthu pachifuwa, ngakhale mpweya wa nyemba, ndinkakhala chete kudikira kuti mwina ndi lero. Koma vuto la matenda amenewa n'lakuti saoneka. Alibe chilonda, satupitsa mwendo, sakutsokomoletsa. Ineyo nditasiya fodya ndinayamba kusalala kuposa kale, ndipo kusalala kumeneko n'kumene kunandiputira mavuto.

Kwathu maliro akagwa, amuna amphamvu amalawirira kumanda kukakumba, timawatcha adzukulu, ndipo amalandizana piki m'dzenje mpaka litatha. Ine ndinali mmodzi wa iwo kuyambira ndili mnyamata, ndakumbira makolo awo, ndakumbira ana awo, mvula ndi dzuwa. Nditadwala sindinasiye kupita, ndinkanyamula makasu, ndinkalambula njira, koma m'dzenje sindinkalowa, ndipo chifukwa chake ndinawauza poyera, osabisa kanthu. Kuseka kwake! Wina anati ngati ndili ndi miyala mumtima ndikaigulitse kwa omanga nyumba. Wina anati munthu woyenda mtunda wonse uja m'mawa uliwonse wopanda kumene akupita angalephere bwanji piki. Ena ankanong'ona kuti ndayamba matama poti mwana ali pantchito m'tauni. Mkulu wa adzukulu, munthu amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana, iye sankaseka, ankangonena kuti tsiku lake lilipo, tidzaonana.

Tsikulo linafika m'mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa, amayi anga atatisiya. M'mawa ndili pasiwa ndi amalume kunabwera uthenga woti ndikufunika kumanda. Ndinkayesa akufuna ndikaloze malo. Nditafika ndinapeza amuna onse ali khale pansi pa mtengo, bango loyezera bokosi lili pansi, malo atalemba kale, piki ndi fosholo zitaunjikidwa pakati. Mkulu uja anandiuza kuti poti ine ndakhala ndikuonerera anzanga akukumba, lero iwo aonerera ine, ndikumbe mpaka dzenje lindifike m'chiuno ndipo iwo adzalandira pamenepo, apo ayi amayi agona m'nyumba mpaka anthu athawe fungo. Inu, kwathu mwini maliro sagwira khasu kumanda, n'chifukwa chake pali adzukulu, ndipo onsewo ankadziwa kuti akundivula pagulu.

Ndinachonderera. Ine bambo wa imvi zanga ndinagwada pafumbi n'kuwomba m'manja, ndinawakumbutsa za mapiritsi amene ena mwa iwo anandionapo ndikumwa, koma zonsezo zinangowonjezera nthabwala. Amalume, munthu woyendera ndodo, amene ananditsatira, anayesa kulankhulapo, koma adzukuluwo anawauza kuti apite akakhale ndi alendo. Mwamuna m'mimba mwa amayi ndinabadwa ndekha, kunja kukutentha chonchija, mtembo sukanadikira kuti mlandu uyambe wakambidwa. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinavula jekete n'kutola piki.

Poyamba zinkayenda, mkwiyo unkandipatsa mphamvu, ndinkamenya nthaka ija ngati ndikumenya iwowo. Dzenje litafika m'mawondo lamba uja anabwera. Ndinaima, anamasuka pang'ono, wina n'kukuwa kuti bwana akupuma, tiwabweretsere tiyi. Ndinapitiriza. Litayandikira m'chiuno sanalinso lamba ayi, chinali chinthu cholemera ngati thumba la chimanga chitandikhala pachifuwa, ululu unatsika m'dzanja lamanzere n'kukwera kunsagwada, thukuta lozizira linandithira thupi lonse pakati pa dzuwa limene lija, ndipo ndinaima koma sichinasiye. Piki inandipulumuka, ndinapezeka ndagona chagada m'manda a amayi anga.

Chimene chimandiimitsa tsitsi mpaka lero n'chakuti sindinakomoke. Ndinkaona zonse, ndinkamva zonse. Pamwamba panali kumwamba koyera kodulidwa ngati chitseko, m'mbali dothi lofiira, kenaka mitu ya anthu inayamba kusuzumira, yonse ikuseka. Ndinayesa kunena kuti ndikufa, koma mpweya unkangothera pakhosi. Mukudziwa adzukulu ndi anthu a nthabwala, pamaliro amaloledwa kunena chilichonse, ndiye wina anati taonani sewero, munthuyu akanakhala wa pawailesi. Wina anati wasankha yekha nyumba, tisamuvute. Kenaka ndinamva fosholo ikulowa m'dothi, ndipo dothi lija linandigwera m'miyendo, lotentha, lina n'kundilowa m'kamwa. Anthu anafa nalo phwete. Fosholo yachiwiri inafika pamimba. Ine pansipo ndinkadziwa kuti anthu awa sakufuna kundipha, akungocheza, ndipo ndifa iwo akucheza, adzazindikira nthabwala itatha.

Amene anandipulumutsa ndi mlongo wanga wamkulu. Iye ndi amayi anzake anali atabweretsa madzi akumwa, ndipo mwa mwambo akazi amatula kunja kwa manda n'kubwerera, saloledwa kufika pokumba. Iye atamva phokoso la kuseka, ine osandiona pakati pa oimirira, anataya ndowa n'kulowa. Akuti amuna anayesa kumutchinga, iye anawakankha, anasuzumira, n'kuona milomo yanga itachita phulusa. Kukuwa kumene anakuwa kunamveka mpaka kusiwa. Anawatukwana onse mmodzimmodzi, mayi wa mvano wolemekezeka, mawu amene sindingawalembe pano, ndipo analumphira m'dzenjemo yekha n'kunditukula mutu. Pamenepo m'pamene kuseka kunazima. Ananditulutsa ndi zingwe zimene anakonzera kutsitsira bokosi, n'kundikweza m'kagalimoto kamene kanabweretsa bokosilo m'mawa.

Kuchipatala anati mtsempha umodzi unatsekeka, ndipo mbali ina ya mtima inavulala moti siidzabwereranso mwakale. Anandifunsa mokalipa kuti ndinkakumbiranji pamene anandiletsa, ine ndinangotembenukira kukhoma. Nditayamba kupeza bwino ndinafunsa za mwambo wa maliro, mwana wanga n'kundiuza kuti galimoto itangochoka, amuna aja analumphira m'dzenje onse, ndipo analimaliza m'kanthawi kochepa, mwakachetechete, bwino lomwe. Amayi anaikidwa masana omwewo. Mlongo wanga analipo, amalume analipo, alendo ochokera kutali analipo, ngakhale oseka aja analipo, n'kumaimba nawo nyimbo. Ine mwana wawo wamwamuna ndekha, amene ndinawadwazika miyezi yambiri, sindinaponye dothi, sindinaike nkhata, sindinatsanzike.

Nditatuluka anabwera kudzapepesa atanyamula nkhuku, mkulu uja ali patsogolo, maso ali pansi, akuti sankadziwa kuti matendawo ndi enieni. Sankadziwa bwanji pamene ndinawauza ndi pakamwa panga, nditagwada? Ankafuna ndiwatsegulire chifuwa aone? Nkhukuyo ndinawauza abwerere nayo, ndipo anthu ena mpaka pano amati ndinalakwa, munthu wopemphera sasunga mangawa. Anene zimenezo. Patapita miyezi ndinasamukira kwawo kwa akazi anga kuno ku Nathenje, chifukwa ndinkati ndikakumana ndi mmodzi wa iwo panjira mtima unkagunda mondiopsa, ndipo mtima umenewu ndilibe wina.

Pano ndimakhala ndi miyala yangayo monga mmene munthu amakhalira ndi mnansi wovuta. Ndimamwa mapiritsi osadumphitsa, ndimayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu dzuwa lisanakwere, ndimapita kusikelo yanga kuchipatala, ndikatopa ndimakhala pansi ngakhale anthu ayang'ane. Ena anayesa kundiuza kuti zija zinali zamatsenga, kuti manda anandikoka poti mwana sakumbira make. Bodza limenelo, ndipo limandinyansa chifukwa likuchotsa mlandu pa anthu n'kuuika pa mizimu. Chinandigwetsa ndi mtsempha wothina ndi piki, ndipo piki ija anandigwiritsa ndi anthu amene amakhulupirira matenda pokhapokha aone mafinya.

Ndiye inu amene adokotala anakuuzani kuti mitsempha ya mtima yauma, musalole manyazi akugwiritseni ntchito imene munaletsedwa, ngakhale mudzi wonse ukuwombereni m'manja monyoza, ndipo pachifuwa pakathina osasiya thamangirani kuchipatala, musadikire kuti oonerera avomereze. Inunso amene mumayeza thanzi la mnzanu ndi maso, munthu akakuuzani kuti akudwala mumvereni, musachite kumuyesa, chifukwa poti mudzatsimikize mudzakhala mutamulanda chinthu chimene simungabweze ndi nkhuku. Ine manda a amayi anga ndimawadziwa m'kati mwake, ndinagonamo iwo asanagonekedwemo, koma kunja kwake ndinachita kulozeredwa ndi mlongo wanga, udzu utamera kale.